Ba Goliati ndi Besi Yofika pa Mchombo

Ku Matero, mukafunsa aliyense amene anakwerapo minibasi m'zaka za m'ma 1990 kuti ndani ankapanga mabokosi a sipika za besi oposa onse mu Lusaka, adzakutchulirani dzina limodzi lokha: ba Goliati Chisale. Akatchula adzayamba waseka kaye, kenaka n'kukuuzani kuti mwini wakeyo besi yakeyo sanaimvepo ndi khutu ngakhale tsiku limodzi. Munthuyo anali gonthi. Osati wotheratu ayi. Khutu lakumanzere linkatolako pang'ono wina akafuula ali pafupi, koma lakumanja ntchito yake inali yopanira pensulo basi.

Dzinalo nalonso linali lonamiza. Bambo awo, amene anachokera ku Nyasalande kudzagwira ntchito ya njanji, anawatcha Goliati poyembekeza chimunthu. Chimene chinakula ndi kamunthu kolekeza paphewa la mkazi wake, koonda, koyenda mofulumira ngati kakuthamangira basi yomaliza. Mkaziyo, ba Elesi, amake Tiza, ankagulitsa nyemba ndi kapenta pamsika wa Matero, ndipo nkhani zambiri za amuna awo zinafalikira kuchokera pathebulo lawo lomwelo.

Makutuwo ba Goliati anawasiya ku Heavy Industrial, m'fakitale ina yopanga matanki a madzi ndi mabafa a faiba, komwe anakhala zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa makina opalira. Mu 1994, nthawi ija makampani ankagulitsidwa ndi kutsekedwa motsatizana, fakitale yawo nayo inatseka. Anafika kunyumba masana akukankha wilibala. M'menemo munali mpukutu wa faiba, ija yooneka ngati thonje loyera lopsinjidwa koma yoyabwa ngati chitedze, ndi zigubu ziwiri za rezini, mankhwala onata amene amaumitsa faibayo kuti ikhale gwa.

"Nanga ivi ni va chani, atate a Tiza?" ba Elesi anafunsa.

"Iyayi, sinidya manje. Nizadya m'mazulo," iwo anayankha, n'kupitirira kuseri kwa nyumba.

Miyezi isanu ndi iwiri anangokhala. M'mawa uliwonse ankavala ovolosi yawo, kupukuta majombo, kenaka n'kukakhala pa kampando kuseri kwa nyumba atayang'ana khoma. Ba Elesi akabwera kumsika ankawapeza pomwe anawasiya, tiyi atazizirira m'kapu. Zimenezi zinawaopsa, pakuti anzawo awiri a kufakitale komweko anali atawaona kale: wina analowa m'kachasu, wina anali atamuika m'manda. Ndiye ankapemphera tsiku ndi tsiku kuti Mulungu awapatse amuna awo kanthu kogwira, kalikonse. Pambuyo pake ankanena kumsika kuti akanadziwa, akanatchula bwinobwino kanthu kake.

Pemphero lija linayankhidwa kudzera mwa ba Mutale, dalaivala wa minibasi amene ankachita lendi nyumba yoyandikana nawo. Masiku amenewo mabasi akuluakulu anali atatha, timinibasi titadzaza mseu wa Lumumba ngati ngumbi mvula itakata, ndipo anthu ankasankha kukwera imene ikuliza nyimbo bwino. Ba Mutale anali ndi bokosi lamatabwa lomwe anawakhomera kalipentala. Linkadya malo a munthu mmodzi wathunthu, ndipo likalira linkangoti zzz ngati njuchi yotsekeredwa m'chitini.

"Ba Goliati, nili na vuto na sipika!"

"Kuphika? Funsani amake Tiza. Ine siniphika."

"SIPIKA, ba Goliati! BOKOSI!"

Anawakokera kuminibasi kuja. Ba Goliati analigogoda bokosilo ndi chala, analinunkhiza, kenaka anakwawira kunsi kwa mpando wakumbuyo mpaka kutsala majombo okha. Anakhalitsa kumeneko moti ba Mutale anayesa kuti agona. Potuluka maso awo anali ena.

"Pansi apa pali malo yamene palibe akhalapo. Thabwa siingangene, ni pokhota-khota. Koma faiba ingena paliponse."

Ntchito inayamba Lolemba. Anamata tepi yapepala kunsi konse kwa mpandowo, m'makona ndi m'mabondo mwa chitsulo, pamwamba pake n'kupaka polishi kuti faiba ikauma idzamatuke. Polishiyo anali wofiira, wa ba Elesi wopaka pakhonde, ndipo chitini chonse chinathera momwemo. Anang'amba faiba m'tizidutswa tonga chikhatho. Anathira rezini m'chitini, n'kudonthezeramo mankhwala oumitsira amene iwo ankati hadina, akuwerenga madontho ndi milomo ngati munthu wopemphera chamumtima. Kenaka kuyala kachidutswa, kudinda ndi bulashi, kuyala kena, kudinda, mpaka thovu lonse la mpweya litatuluka. Anasanjika kasanu ndi kawiri. Fungo lake linafika mpaka kupampu yotungira madzi, amayi n'kumafunsana kuti ndani akupenta nyumba chaka chovuta chino.

Mawa lake anakoka, ndipo chinatuluka chigoba chofanana ndendende ndi kunsi kwa mpando, mabondo ake onse. Anadula thabwa lozungulira ngati mphete lokhazikapo sipika, n'kuliimika pa timitengo pamwamba pa chigobacho. Chinatsala ndi nsalu yotamuka yoti aikunge kuchokera pa mpheteyo kufika m'mphepete mwa chigoba.

Madzulo ake ba Elesi anasanthula m'nyumba monse kufunafuna juzi yawo ya pakaunjika.

"Atate a Tiza, juzi yanga ili kuti? Ija ninagula pa salaula ya mu Juni? NAVALA CHABE KAWILI!"

Ba Goliati anawagwira dzanja mwaulemu n'kupita nawo kuseri. Juzi ija inali itakungidwa ngati ng'oma, itamwa rezini, itauma ngati mbale. Maluwa ake apachifuwa ankaonekabe.

"Ni yabwino maningi iyi juzi, amake Tiza. Ikokeka bwino. Mukapeza ina ya so, mugule ziwili."

Sizinathere pomwepo. Iwo ankati sipika iliyonse ili ndi mpweya wake umene imafuna: bokosi likachepa imabanika, likakula imabwebweta. Tsono chigoba chokhotakhota simungachiyeze ndi rula. Anatenga thumba la nyemba la ba Elesi ndi meda, chigubu chija amayezera malonda pamsika, n'kumathira m'bokosimo akuwerenga mpaka litadzaza. Ba Elesi anazikhuthula nyembazo, anazipeta, n'kukazigulitsa. Tsiku lotsatira ba Ketty, mnansi wawo woweta nkhuku, anafika pathebulo nkhope ili gwa.

"Ba Elesi, nyemba zanu zinunkha penti. Bana banga bazikanda pa lilime."

Kuyambira pamenepo panyumbapo panakhala thumba lina lapadera, nyemba zantchito, zomwe zinakhala zaka zisanu ndi zinayi osaona mphika. Ngakhale anankafumbwe ankazilambalala.

Tsiku loyesa bokosilo anthu anasonkhana. Ba Goliati anavula malaya, anagona chagada pakati pa mipando, manja onse pamimba, n'kutseka maso.

"Lizani!"

Ba Mutale analowetsa kaseti ya rumba. Minibasi inayamba kunjenjemera, galasi lakumbuyo likuvina, ndipo agalu atatu amene anagona kunsi kwake akuti anakapezeka kukomboni ya George. Ba Goliati anapukusa mutu.

"Yafika pa chifuwa chabe. Besi ya pa mano ni ya bana. Ya pa chifuwa ni ya bakalipentala. Ya zoona ifunika kufika pa mchombo."

Analitulutsa bokosi, anapapasa ndi zala mpaka anapeza pamene khoma lake linkapindika, anasanjikapo faiba ina kawiri. Litauma anagonanso chagada. Ulendo uno, nyimbo itangoyamba, kumwetulira kunayamba pang'onopang'ono mpaka kunafika m'makutu osamva aja.

"Yafika."

Ba Elesi anali ataima pakhomo la minibasi manja ali m'chiuno, atabwera ndi mawu a juzi yawo. Ataona mano a amuna awo koyamba m'miyezi isanu ndi iwiri, mawuwo anawameza. Sanaiwale ayi. Anangowasungira tsiku lina, ndipo masiku enawo anapezeka ambiri.

Mbiri inathamanga. Anyamata oitanira anthu pasiteshoni ankafuula kuti, "Ya besi iyi! Matero, Matero, ya besi!" ndipo ya ba Mutale inkadzaza zinzake zikadali pamzere. Kunabwera madalaivala a ku Mandevu, a ku Garden, a ku Chawama, aliyense ndi sipika yake m'khwapa. Onse ankadikira lamulo limodzi: ba Goliati sankayesa bokosi atadya. Ankati mimba yokhuta imanama. Ndiye masiku oyesa chakudya chamasana chinkawadikira mpaka dzuwa kupendeka, ba Elesi akuchitenthetsa kachitatu ndi kuchiuza zimene ankafuna kuuza mwini wake.

Anansi nawo anaona zawo. Miyala yotsindira malata inkayenda yokha padenga mpaka kugwa. Ba Ketty anabwera kudzadandaula kuti nkhuku zawo zaleka kuikira.

"Ba Goliati, nkhuku zanga siziikila mazila!"

"Zikomo, ikani pa thebulo. Amake Tiza bazaphika."

Ba Ketty anajambula nkhuku pansi ndi kamtengo, anajambula dzira, n'kulikhwatcha. Ba Goliati anayang'anitsitsa chithunzicho, ndipo zinawakhudza kwenikweni. Kuyambira tsikulo ankayesa mabokosi kamodzi kokha patsiku, nkhuku zitamaliza ntchito yake, ndipo asanayambe ankapita okha kukasuzumira m'khola ndi kufunsa kuti, "Zasiliza?"

Kutchalitchi kunali kwina. Ufa wa faiba sunkachoka pathupi pawo ngakhale asambe kawiri, ndipo aliyense wowapatsa moni wapadzanja ankayamba kukanda pakati pa zala nyimbo yoyamba isanathe. Benchi yawo yonse inkanyung'unya kuyambira pemphero lotsegulira mpaka mdalitso. Mlaliki wina wachilendo ataona zimenezo analoza benchiyo n'kunena kuti kumeneko ndiye mawu akulasa mitima.

Wina amene anthu samuiwala ndi ba Jameson, bwana wa kumayadi amene anabwera ndi galimoto yonyezimira yongofika kumene kuchokera ku Japan. Ankafuna bokosi lolowa pakona ya buti, lopentedwa mofanana ndi galimotoyo, ndipo ankalifuna tsiku lomwelo.

"Masiku yatatu," anatero ba Goliati.

"Nili na phwando lelo! Ikani mankhwala yambili iume msanga!"

"Rezini siiziwa bwana. Masiku yatatu."

Ba Goliati atalowa m'nyumba kukatenga lumo, ba Jameson anatola kabotolo ka hadina n'kukhuthulira theka lonse m'chitini cha rezini, n'kutakasa ndi bulashi. Posakhalitsa chitini chinatentha, chinayamba kufuka utsi, chinalira ngati mafuta pamoto. Bwana uja analumpha ngalande ndi suti yake n'kukabisala kuseri kwa khola la ba Ketty. Utsi utatha, rezini inali itauma ngati mwala, bulashi itaima chilili pakati. Ba Goliati anadikira kuti chizizire, anachinyamula ndi manja awiri n'kukachipereka kwa mwini wake.

"Iyi ndiye mwapanga imwe, bwana. Yauma msanga. Muike pa thebulo ku phwando. Yanga mubwele pa Chisanu."

Ba Jameson anabweradi Lachisanu, ali phee, ndipo bokosi limene analandira linali losalala moti ankadziyang'anirapo nkhope.

Mu 1999 mwana wawo Tiza, amene anali namwino pachipatala cha mishoni kum'mawa, anabweretsa kachipangizo kovala kukhutu kothandiza kumva. Ba Elesi anadzuka m'mawa, anavala chitenje chatsopano. Analibe nkhani yaikulu yoti anene. Ankangofuna kuti tsiku limodzi alankhule ndi amuna awo motsitsa mawu, monga akazi ena amachitira, popanda mzere wonse wa nyumba kumva. Tiza anawaveka bambo ake kachipangizoko, n'kukatsegula. Nthawi yomweyo minibasi ina ya ku Mandevu inakhota pakona ikuliza nyimbo m'bokosi lawo lomwe.

Ba Goliati anadzambatuka pampando.

"Ni chani ichi?"

"Ni nyimbo, atate. Ni bokosi yanu."

"Iyi? Ndiye vamene muliza ivi?" Anamvetsera pang'ono, nkhope itakwinyika. "Zaka zonse izi nenze kuganiza ni nyimbo zabwino."

Kenaka anamva nkhuku za ba Ketty, mkangano wa kupampu, wailesi ya kutaveni, chigayo, ana, agalu. Dzuwa lisanafike pamutu anakavula n'kukaika m'chitini cha misomali.

"Dziko ili na chongo. Nenze bwino."

Ba Elesi anali asanapeze mpata wolankhula nawo. Anavula chitenje chija, anachipinda, anapita kumsika, ndipo tsiku limenelo palibe wogula amene analandira mbasela ngakhale nyemba imodzi. Nkhani imeneyi ankaikamba akuseka monga zinazo, koma amene ankawadziwa ankaona kuti pofika pa chitini cha misomali ankafulumira kuyamba kuyeza malonda.

Chifuwa chinayamba pang'onopang'ono. Zaka zonsezo ba Goliati ankapala faiba atangomanga kampango pamphuno, ndipo nthawi zina kampangoko ankapukutira bulashi. Pofika 2002 ankayamba wapumira kawiri asanakwawire kunsi kwa mpando. Tiza anawaletsa, adokotala anawaletsa, iwo n'kumaloza khutu lakumanja kuti mawuwo alowere kumeneko. Anamwalira mu Juni 2003, Lachinayi m'mawa, dzuwa litangofika pakhonde, ba Elesi atawagwira phazi.

Pamaliro madalaivala anatuma ba Mutale kukapempha kuti bokosi la malemuyo likhale la faiba, lopentedwa bwino, mwaulemu wa ntchito yawo. Ba Elesi anakweza mutu pamphasa pomwe anakhala.

"Zaka naini nazikanda. Balekeni bayende mu bokosi ya matabwa, bakapumule. Mufuna bakayabwise na bangelo?"

Amayi amene ankalira m'nyumbamo anaseka misozi ili m'masaya. Tsiku loika, popanda wowaitana, kunabwera maminibasi makumi awiri ndi atatu kudzanyamula anthu kupita kumanda a Chingwere. Anthu opita kuntchito anaima pasiteshoni mpaka masana, osadziwa kuti mabasi apita kuti. Mzere wonsewo unayenda pang'onopang'ono, mawailesi onse atazimitsidwa. Anthu okhala m'mbali mwa mseuwo akuti anatuluka m'nyumba kudzaona, chifukwa minibasi yachete anali asanaionepo.

Pambuyo pake mzere wa nyumba uja unakhala ngati wina aliyense. Zovala zinkauma pachingwe osanunkha kanthu. Achinyamata ena anayesa kupanga mabokosi pamsika, koma ankathamangira, ndipo ambiri ankang'aluka mvula isanabwere. Masana ba Elesi akabwera kumsika, kuseri kwa nyumba kunkaoneka kwakukulu kuposa kale, ndipo sankakhalitsako.

Patapita miyezi isanu, Loweruka lina, pabwalo panaima minibasi yachilendo. Anatsika bambo wina wa ku Chawama, dzina lake ba Sampa, atanyamula bokosi la faiba long'aluka pakona, sipika atachotsamo. Anali atakhala nthawi yaitali ku Nakonde, ndipo za maliro sanamve. Ba Elesi atamuuza, anavula kapusi, anakhala pansi pakhonde bokosi lili pamiyendo.

"Pepani, amai. Iyi banapanga mu 2001. Na malemba yao yakalimo mukati."

"Malemba ya chani?"

"Simuziwa? Bokosi iliyonse ya ba Goliati ili na malemba mukati. Uona chabe ukachosa sipika. Ife tenze kuganiza ni mankhwala ya besi, ndiye sitifufuta."

Anatembenuzira bowo la sipika kudzuwa. Ba Elesi anawerama. Pakhoma lam'kati, pansi pa rezini yowala, panali zilembo zopendekera za amuna awo, zolembedwa ndi pensulo, m'Chichewa chimene bambo awo anawaphunzitsa:

"14 Ogasiti 2001. Kuli mphepo. Lero amake Tiza aseka ndi ba Ketty kupampu mpaka kugwira m'nthiti. Chimene aseka sindinamve koma ndaona. Ndinaleka ntchito kuti ndione bwino."

Anawerenga kawiri. Anapukuta fumbi pamwamba pa zilembozo ndi nsonga ya chitenje, n'kuwerenganso.

"Banama," anatero. "Siku ija nenze kukalipa."

Ba Sampa ananena kuti ya mnzake wina wa ku Mandevu nayo ili ndi ake, aatali kuposa awa, ndipo akuganiza kuti akunena za chitenje chatsopano. Ya ku Garden sanaiwerenge, koma akuti ilipo.

Ba Elesi analowa m'nyumba. Anatuluka atamanga duku, atavala nsapato zakutchalitchi, n'kukhoma chitseko. Ataima pafupi ndi ba Sampa analankhula motsitsa mawu kwambiri, moti bamboyo anachita kuwerama kuti amve.

"Iyo ya ku Mandevu, tingaipeze pa siteshoni manje?"